Masekondi Asanu a ku Khalapompo

Ine Yotamu Mpondanjira ndine munthu yekhayo pansi pa thambo amene anadzutsapo nduna za ku Khalapompo pa mipando yawo, popanda mfuti, popanda chisankho, popanda maliro. Ena amatama madigiri, ena amatama mimba. Ine ndimatama chimenechi, ndipo wokayika akafunse pamsika wa Musadzuke, kumene nkhaniyi amaigulitsabe pamodzi ndi tomato.

Kwathu ndi komweko ku Khalapompo. Ndinachokako ndili mnyamata, nditavala nsapato za tayala, m'manja muli jumbo yokha. Ku Beira ndinasenza matumba padoko. Ku Joni ndinkasesa m'sitolo ya makompyuta, tsache kumanja, maso paphewa la mwini sitolo, mpaka tsiku lina makina ake atamukanika ndinamuuza kuti asunthe. Lero ndili ndi kampani yangayanga. Ndaimika maseva, makompyuta osunga masamba a pa intaneti, ku Lubumbashi, ku Dar es Salaam, ngakhale ku Dubai kumene dzuwa limawotcha mpaka mthunzi. Pasipoti yanga yatupa ngati Baibulo la mlaliki wa m'basi. Ine ndikagona malo amodzi kwa nthawi yaitali, mapazi amayamba kundiyabwa.

Tsono kuti mumvetse chimene chinandigwera, muyambe mwadziwa Khalapompo. Lamulo lalikulu la ufumuwo ndi limodzi: munthu akakhala pansi sauzidwa kuti adzuke. Kwina konse amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ku Khalapompo bwalo la nduna linakumana n'kudula mchira wa mwambiwo, moti ana a sukulu amangoloweza kuti mlendo ndi mame, basi. Nduna ikapatsidwa mpando imatsikapo itanyamulidwa ndi anthu anayi, kwaya ikuimba. Ndiponso nduna siloledwa kutuluka mumzinda wa Musadzuke, kuopa kuti mpando ungazizire.

Pali chinanso. Munthu akalephera ntchito ya boma samuchotsa, chifukwa kuchotsa munthu ndi mwano. Amamupatsa unduna kuti asakaonongenso kwina. Amene anakumba damu pamwamba pa phiri ndiye Nduna ya Madzi. Amene anamanga sukulu yopanda khomo ndiye Nduna ya Maphunziro. Pa nthawi imene ndikunenayi nduna zinalipo makumi atatu, ndipo mkulu wa zonse anali a Mpandowanga, Nduna ya Mwambo ndi Mipando, munthu amene anthu ambiri sankadziwa kuti ndi wamtali kapena wamfupi.

Mfumu Tsamirani Wachitatu, munthu wofatsa wa masaya osalala, anamva kuti mafumu anzake a m'maiko oyandikana nawo amaoneka m'mafoni a anthu awo. Nayenso anafuna tsamba la pa intaneti, pamwamba pakhale nkhope yake, m'munsi mitengo ya mtedza ndi masiku amene anamwino akubwera m'midzi. Atafunsa ngati pali mwana wa m'dziko wodziwa zimenezi, anthu anatchula ine, chifukwa panalibenso wina woti n'kumutchula. Ndinafika pa ndege, kenako pa basi, kenako pa kabaza, n'kukafikira kwa achimwene anga a Gelesomu. Akazi awo a Nachisale, alamu anga, anagwira nkhuku tsiku lomwelo, monga mwambo umanenera.

Kubwalo Mfumu inandilandira bwino. Inati ntchito ikayenda ndidzapita ndi ulemu kumene ndikufuna. Ikakanika, ndisadandaule, dziko lino silitaya ana ake, mpando udzapezeka. Nduna zinawomba m'manja poyamikira chifundo chimenechi. Ine ndinaseka nazo limodzi, chifukwa seva inali isanandikanikepo chibadwire.

Makinawo anabwera pa ngolo ya ng'ombe, ndipo tinawaika m'chipinda chosungiramo ng'oma zachifumu, poti ndi chokhacho chimene sichinkadontha. Ndinafotokozera nduna kuti seva ndi kompyuta imene sigona. Ili ngati nyumba ya alendo: foni ya munthu imagogoda, seva imatsegula, n'kumupatsa tsamba limene wafuna. Ndinayamba ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse, imene ili ngati maziko ndi makoma. Kenako ndinakoka pa intaneti pulogalamu yolandira alendo ija n'kuiika pamwamba pake. Nduna zimene zinanyamulidwa ndi mipando yawo kudzaonerera zinakhumudwa kuona kuti pagalasi pali mdima wokhawokha ndi timalemba toyera tikuthamanga. Nduna ya Chisangalalo inafunsa ngati filimu iyambe posachedwa.

Ndinatseka makomo onse a makinawo kuti akuba asalowe, n'kusiya awiri okha, la nambala 80 ndi la nambala 443, limene lili ndi loko. Bwalo litamva za makomo linasankha msuweni wa a Mpandowanga kukhala mlonda wake. Anamuikira mpando pafupi ndi seva, ndipo anafufuza makomowo kutsogolo ndi kumbuyo kwa bokosi, osawapeza, n'kukhala pansi mtima uli m'malo. Ndinakonza chikwatu chosungiramo masamba, ndinaikamo nkhope ya Mfumu ndi mitengo ya mtedza, ndinayesa pa foni yanga. Tsamba linatseguka ngati chitseko chothira girisi. Ntchito imene ena amatha nayo sabata, ine ndinaimaliza tiyi asanazizire.

Chinatsala ndi fayilo ya malamulo, imene imauza seva mmene izichitira ndi alendo. Ku Khalapompo chilichonse chotchedwa lamulo chimayenera kuwerengedwa pamaso pa bwalo, ndiye ndinaimirira n'kuyamba kuwerenga mzere ndi mzere m'chinenero chathu. Nditanena kuti nyumbayi ili ndi mipando zana limodzi ndi makumi asanu, yoti alendo azikhalapo nthawi imodzi, bwalo lonse linawomba m'manja. Ena maso anachita kunyezimira. Ndinapitiriza: mlendo akalandira chimene wadzera, n'kukhala chete masekondi asanu osapemphanso kanthu, adzuke kuti wina akhalepo.

Mkonono umene unkamveka kumanzere unaduka. A Mpandowanga anatsegula diso limodzi, kenako linalo.

"Mwana wa kwathu, tabwerezanso. Munthu akakhala chete masekondi asanu atani?"

"Adzuke, bambo Nduna, wina akhalepo."

"Ine ndakhala chete m'bwalo lino kuyambira nthawi ya bambo awo a Mfumu," anatero a Mpandowanga. "Ndiye makina ako akundinena ine?"

Ndinalongosola kuti makina sanena munthu. Ndinati mipando ya m'seva si ya mlombwa, ndi malo chabe m'mutu mwa makina, ndipo mafoni ambiri amachoka osatsanzika, moti seva ikapanda kuwadzutsa imangodikira mlendo amene anapita kalekale. Ndinati ku Dubai amatero, ku Joni amatero. A Mpandowanga anayankha kuti n'chifukwa chake ku Dubai kulibe mwambo. Nduna ya Madzi inati lero ndi mafoni, mawa ndi anthu. Pomaliza bwalo linagamula, ng'oma n'kulira: mzere wachipongwewo usinthidwe, mlendo wa m'seva ya Mfumu akhale mpaka atafuna yekha. Anaika msilikali kumbuyo kwanga, ndipo ndinafufuta kasanu kaja n'kulembapo nambala yaitali kwambiri imene makinawo akanatha kumeza.

Tsiku lotsegulira linafika. Kunja kwa bwalo kunadzaza anthu, aliyense foni m'manja. Mwambo wa ku Khalapompo umati pakhomo latsopano nduna zimalowa poyamba, Mfumu imalowa pomaliza, anthu wamba pambuyo pa Mfumu. Nduna zonse makumi atatu zinadina mafoni awo, tsamba linatseguka, zinaona nkhope ya Mfumu n'kugwedeza mitu, kenako zinabweza mafoni m'matumba n'kutsamira. Chimene sizinkadziwa n'chakuti foni imodzi sitenga mpando umodzi. Imatenga ingapo, wina wa chithunzi, wina wa mawu, wina wa mbendera, monga imachitira nduna m'basi: mpando wake, wa chipewa, wa chikwama. Ine ndinawerengera mipandoyo mumtima.

Mfumu inapukuta chala pa mkanjo, n'kudina. Pafoni panatuluka kamkombero kakang'ono, kakuzungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake. Mfumu inadikira. Oimba ng'oma anadikira, mikono ili m'mwamba.

"Yotamu, nkhope yanga ili kuti?"

"Ili m'kati, Gogo Chalo. Koma mipando yatha."

"M'nyumba yanga yomwe?"

"Nduna zakhalapo, Gogo Chalo."

Mfumu inayang'ana nduna zake, zimene zambiri zinali zitayamba kale kusinza, koma lamulo silinkailola kuziuza kuti zidzuke. Inatembenukira kwa ine n'kunena mokoma mtima kuti indipatsa mpaka tsiku la msika waukulu. Likadzafika tsikulo isanaone nkhope yake, ndidzakhala Nduna ya Makina Ozungulira. Ndisanatuluke n'komwe, kalipentala wa kubwalo anabwera ndi chingwe n'kundiyeza m'chiuno, n'kundifunsa ngati ndimakonda chotsamira chowongoka kapena chopendekeka. Anati ndiganize bwino, chifukwa mpando wa nduna sakonza kawiri.

Inu amene simunayendepo simungamvetse. Munthu amene wadyapo nsomba za ku Beira zikununkhirabe nyanja, amene wawolokapo malire ambiri kuposa zala zake, kumuuza kuti akhale pamalo amodzi mpaka kwaya idzamuimbire, ndiye kumuika m'manda ali ndi nsapato kumapazi.

Kumsika nkhani inali itafika kale ine ndisanafike. A Fulaye okonza njinga anandiitana n'kundionetsa foni yawo, kamkombero kali kalikiliki. Anati pa zaka zonse akhala akuwongola mikombero sanaonepo wowongoka chonchi, suyendera mbali n'komwe, ndipo boma likanamanga misewu mmene lamangira kamkomberoka bwenzi iwo atasowa ntchito. Mayi wina wogulitsa tomato anati iye sakudandaula, mwana wake akamalira amamuonetsa tsamba la boma, amagona pompo. Wogula mtedza wa sikelo yokayikitsa ndiye anandigulira botolo la zoziziritsa kukhosi, n'kundipempha kuti ndisafulumire kukonza, popeza alimi akadziwa mitengo iye adya chiyani.

Sindine munthu wogonja. Ndinabwerera kubwalo n'kupempha kuti ndiwonjezere mipando, poti lamulo silinaletse zimenezo. Bwalo linavomera msangamsanga, ndipo ndinaika mipando mazana atatu. M'mawa mwake ndinapeza kuti bwalo lasankha nduna zina makumi atatu, chifukwa ku Khalapompo mpando wopanda munthu ndi tsoka. Panabwera Nduna ya Mithunzi, Nduna ya Fumbi, ndi Wachiwiri kwa Nduna ya Fumbi woona za nyengo ya mvula. Onse anapatsidwa mafoni, onse analowa Mfumu isanalowe. Nditawonjezeranso, seva inayamba kutentha ndi kulira ngati chigayo, chifukwa mutu wa makina uli ndi polekezera, ngakhale kuti bwalo la nduna lilibe.

Ndinapempha kuti ndingozimitsa pulogalamuyo n'kuiyatsanso, kuti Mfumu ilowe poyamba. A Mpandowanga anafunsa kuti okhala m'katimo ziwathera bwanji. Nditanena kuti onse adzuka nthawi imodzi, anati kwawo kuno chimenecho chimatchedwa kulanda boma, ndipo msilikali uja anasendeza mpando wake pafupi ndi ine. Chokhacho chimene bwalo linalephera kuletsa ndi kuzima kwa magetsi. Akazima n'kuyakanso, seva inkadzuka mipando ili mbee, ndipo tsamba linkatseguka kwa kanthawi, mpaka alembi a nduna atathamanga kukadina mafoni a mabwana awo. Anthu a kumsika anazindikira msanga. Khalapompo linakhala dziko loyamba pa dziko lapansi kumene magetsi akazima amayi amaliza nthungululu. Mfumu yokha ndiyo sinkapindula, chifukwa mwambo sunkailola kulowa nduna zisanalowe.

Masiku onsewa ndinali kwa achimwene. Mlendo wochokera kunja sadya masamba, ndiye khola la a Nachisale linkapepuka pang'onopang'ono. Ine ndinkawalipira ndi nkhani, zimene ndi zamtengo wapatali kuposa nkhuku: za sitima ya ku Dar es Salaam, za nyumba za ku Dubai zimene mitambo imadutsa m'chiuno. Achimwene ankamvetsera mpaka kugona. A Nachisale ankati nkhani zanga n'zokoma, kungoti sizikhalira mazira.

Kutatsala tsiku limodzi kuti msika waukulu ufike, ndinakhala pakhonde m'mawa nditagwira tsaya. Kwa nthawi yoyamba chifikireni ndinalibe chonena. Tambala womaliza wa pakhomopo ankandiyang'ana ali patali, monga munthu amayang'anira galimoto ya maliro. A Nachisale anatuluka m'nyumba atamanga chitenje chatsopano, kumutu atasenza chikwama changa, m'manja muli kamba wa mbatata zootcha ndi mtedza wokazinga.

"Alamu, tiyeni ndikuperekezeni dzuwa lisanakwere."

Miyendo yanga inaimirira yokha. Munthu wamkulu akakusenzera katundu, iwe ungakhale pansi? Tinadutsa pachitsime, amayi akundifunira ulendo wabwino, ine ndikuyankha zikomo kumanja ndi kumanzere. A Nachisale ankauza aliyense kuti alamu awo ndi munthu wamkulu, ku Dubai amamudziwa ndi dzina, sangamusiye kuyenda yekha ngati wosowa abale. Chifuwa changa chinatukumuka. Tinafika pamphambano pamene pamaima mabasi, ananditula chikwama, ndinawathokoza ndi manja awiri, iwo n'kutembenuka. Basi itatulukira pakona m'pamene ndinakumbukira kuti ine sindinanene kuti ndikupita kulikonse.

"Alamu, kodi mwandithamangitsa?"

Anatembenuka, nkhope ili yoyera ngati ya mkulu wa mpingo. "Ine? Kuno kwathu mlendo sathamangitsidwa. Mwaona wina atakuuzani kuti dzukani? Ndakuperekezani mwaulemu, mpaka kamba ndakupatsani."

"Nanga mwadziwa bwanji kuti nthawi yakwana?"

"Munakhala chete, alamu. Mlendo akasiya kulankhula ndiye kuti zimene anadzera zatha."

Ndaphunzira kwa Amwenye, kwa Azungu ndi kwa Aluya, ndipo luso langa lalikulu n'lakuti ndikaona chinthu chabwino ndimachizindikira chisanandidutse. Ndinawasiyira chikwama a Nachisale, amene nkhope yawo inagwa pang'ono, n'kuthamanga kubwalo mbatata ili m'manja.

Tsiku la msika waukulu bwalo linadzaza, nduna zakale ndi zatsopano zikupanikizana zigongono. Pakona panali mpando wanga, wopakidwa vanishi, ukununkhirabe. Ndinagwada, ndinawomba m'manja, n'kunena kuti ndabwera kudzaneneza seva ya Mfumu pa mlandu wosowa mwambo. Ndinati nyumba imeneyi imalandira alendo, imawapatsa mpando, imawapatsa chimene adzera, koma akamaliza imangowasiya osawaperekeza, ngati kuti ndi agalu. Ndinafunsa a Mpandowanga, monga mwini mwambo, ngati pakhomo pa munthu wolongosoka mlendo amasiyidwa kuti adzipezere yekha njira.

A Mpandowanga anatsokomola. Anati ayi, zimenezo zimachitika kwa anthu osaleredwa. Agogo awo ankaperekeza mlendo mpaka kutsidya kwa dambo, nthawi zina mlendoyo n'kuwaperekezanso pobwerera, tsiku n'kutha.

Ndinafunsa ngati kuperekeza ndi kuthamangitsa. Anati ndisachite chibwana, kuperekeza ndi ulemu waukulu kuposa kulandira. Ndinafunsa kuti mwini nyumba amadziwa bwanji kuti nthawi yoperekeza yakwana. Anati mwana aliyense amadziwa, mlendo akakhala chete ndiye kuti nkhani zatha. Pamenepo ndinapempha bwalo kuti lilamule makina amwanowo kuti aziperekeza mlendo aliyense amene wakhala chete, ndiponso asamachedwe, kuopa kuti mlendo angaganize kuti tamuiwala.

Bwalo linapsa mtima ndi sevayo. Nduna ya Fumbi inati ichi n'chipongwe pa ufumu wonse. Nduna ya Madzi inati masekondi khumi ndi ambiri, mlendo wa Mfumu asadikire choncho. Anakangana, anatsitsana, mpaka anagwirizana pa asanu, ndipo a Mpandowanga analengeza okha ndi pakamwa pawo kuti aliyense wokhala chete masekondi asanu pa mpando wa m'nyumba ya Mfumu aperekezedwe mwaulemu. Ng'oma inalira. Ndinapita m'chipinda cha ng'oma, ndinafufuta chinambala chachitali chija, ndinabwezerapo kasanu kanga, ndinatsitsa mipando kufika pamene makina amapuma bwino. Poti fayilo ya malamulo ikasintha pulogalamu imayenera kuyambanso, ndinauza msilikali kuti tikuperekeza alendo onse pamodzi. Iye anachita sawasha.

Nduna zinadina, zinabweza mafoni m'matumba, zinatsamira. Mfumu inapukuta chala. Kamkombero kanazungulira kamodzi kokha, ndipo nkhope ya Tsamirani Wachitatu inatulukira, masaya ali phuliphuli. Kunja kunamveka phokoso ngati mvula ya matalala, anthu akuwerengerana mitengo ya mtedza mofuula. Ndinamva kuti wa sikelo uja anapakira katundu wake nthawi yomweyo.

Mfumu inayang'ana nkhope yake kwa nthawi yaitali. Kenako inakweza maso n'kuyang'ana bwalo. Ntchito inali itatha, ndiye nduna zinali zitabwerera ku ntchito yawo ya masiku onse, mitu ili pachifuwa. Ndinaona milomo ya Mfumu ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo ndinazindikira kuti ikuwerenga. Itafika pa kasanu, inagwira mikono ya mpando wachifumu n'kuimirira. Maondo ake analira ngati nkhuni zouma. Inayenda mpaka pamene panali a Mpandowanga, inatola chipewa chawo ndi ndodo yawo.

"A Mpandowanga, tiyeni ndikuperekezeni."

A Mpandowanga anadzidzimuka. Anayang'ana chipewa chawo m'manja mwa Mfumu, anayang'ana nduna zinzawo. Lamulo linali lawo lomwe, ndipo chiyambire ufumuwo palibe munthu amene anaperekezedwapo ndi Mfumu. Ulemu woterewu ungaukane bwanji? Anaimirira, ndipo dziko linadziwa tsiku limenelo kuti ndi munthu wamtali.

Njira ya kwawo imadutsa pakati pa msika. Mfumu patsogolo ndi chipewa, a Mpandowanga pambuyo akuponda mosamala ngati mwana wophunzira kuyenda. A Fulaye anavula kapusi n'kunena kuti sankadziwa kuti boma lili ndi miyendo. Mayi wa tomato uja anafunsa ngati magetsi azima kubwalo. Mfumu inaponda m'dzenje la pamsewu, inaima, n'kufunsa kuti dzenjeli lakhalapo nthawi yaitali bwanji. Anthu anayankha kuti nalonso likudikira woliperekeza.

Tsiku limenelo Mfumu inayenda maulendo ambiri. Nduna zina zitaona zimenezi zinayamba kulankhula mosalekeza kuti zisapezeke zili chete, ndipo poti nkhani zopanda pake zimatha msanga, zina zinapezeka zikukamba za madamu ndi makomo a sukulu. Zimenezo Mfumu inazisiya. Zotsalazo inaziperekeza imodzi ndi imodzi, iliyonse ndi ulemu wake, mpaka dzuwa litapendeka m'bwalo munali mipando yambiri kuposa anthu.

Mfumu inabwerera itatopa, fumbi lili m'miyendo, koma ikumwetulira. Inandiitana n'kunena kuti ntchito ngati imeneyi siyenera kupita yopanda mphotho. Mipando yabwino yatsala yambirimbiri, ndipo wanga wapakidwa kale vanishi. Asilikali awiri anandigwira m'mapewa mwaulemu n'kundikhazika. Kalipentala uja ankadziwa ntchito yake: mpandowo unandigwira m'chiuno ngati unabadwa nane.

"Ukuti bwanji, Yotamu? Ukhale Nduna ya Mwambo ndi Mipando?"

Mawu anadzaza m'kamwa mwanga. Ndinali ndi zifukwa khumi, miyambi itatu ndi nkhani imodzi ya ku Lubumbashi imene ikanakwanira bwino pamenepo. Koma ku Khalapompo mphatso ya Mfumu sikanidwa, ndipo munthu wolankhula pa mpando ndiye kuti akadali ndi chimene wadzera. Ndinaluma lilime. Ndasenzapo matumba a simenti padoko, ndagonapo pamalire mvula ikundikhuthukira, koma ntchito yolemetsa kuposa zonse pamoyo wanga inali kutseka pakamwa panga masekondi asanu. Ndinaona milomo ya Mfumu ikuyendanso, kenako masaya aja anayamba kugwedezeka ndi kuseka. Inawerama n'kutola chipewa changa.

"Tiye, mwana wa kwathu. Ndikuperekeze."

Inandiperekeza mpaka pamphambano, msika wonse uli pambuyo pathu. Pamenepo tinapeza a Nachisale atakhalira chikwama changa. Anati sanachibweze kunyumba chifukwa katundu woperekezedwa akabwerera amaitana mwini wake. Basi isanafike ndinaitana wogulitsa nkhuku, pamaso pa Mfumu ndi anthu onse, kuti dziko lione mmene munthu woyenda amabwezera. Ndinauza alamu kuti atchule okha zimene ndinadya, asachite manyazi.

Manyazi analibe. Anati misoti isanu ndi umodzi, ndipo pamwamba pake tambala, chifukwa wawo uja ngakhale anapulumuka, chiyambire kundiona sanalirenso. Ndinalipira misoti isanu ndi umodzi ndi tambala mmodzi wofiira, ndipo tambalayo analira ine ndikukwera basi.